Njinga yanyowani ikafa, osathamangira makanika wa pansi pa mtengo

Msuweni wanga wa ku Mchini anagula njinga yamoto miyezi iwiri yapitayo. Ndalama zinachokera ku soya wa chaka chonse kumunda kwa amake, kuwonjezapo chilimba chake. Tsiku loyamba anafika nayo panyumba mapulasitiki akali pampando, huta kulira monga tili ku Mtenguleni pa Nc'wala. Pulani inali yakuti azinyamula anthu kuchoka ku Kapata kupita m'makomboni.

Sabata yachiwiri isanathe, giya inayamba kudumpha yokha, oilo nayo kudontha pansi pa injini. Ananitumila foni ali kale kwa makanika wa pansi pa mtengo, sipanala ili m'manja mwa mudala. Ati, "Iwe, akamba kuti ni kanthu kang'ono chabe, atsegula manje manje."

Ninamuuza kuti asagwire ngakhale bauti imodzi.

Sinikunyoza amakanika athu ayi. Popanda iwo theka la njinga za mu Chipata sembe zinagona kale. Koma chinthu chikakhala chanyowani, munthu woyamba kuchitsegula afunika kukhala uja anakugulitsani kapena makanika wake. Wina akatsegulako injini, waranti yafera pamenepo. Ku shopu amayang'ana mabauti, akaona kuti panapita sipanala, nkhani yatha: "Munaononga mweka." Amalume amene anagwirapo ntchito ya ulonda amati ngakhale mfuti ikakana kulira siuichokocha ndi waya kunyumba, umaibweza kwa eni ake. Njinga, foni, filiji, chimodzimodzi.

Tinaikankha mpaka m'tauni. Pakhoma la shopu ija panali chipepala chachikulu: "No return, no refund". Msuweni atangochiona mphamvu zinamuthera, ati tiyeni chabe tibwerere. Apa ndiye ambiri timaluzira, chifukwa timaganiza kuti cholembedwa pakhoma ni lamulo. Lamulo lenileni ni Competition and Consumer Protection Act ya 2010, ndipo limaletsa wamalonda kupachika mawu otere okana udindo pa katundu wake. Limanenanso kuti akakugulitsani chinthu cholakwika afunika kubweza ndalama kapena kukupatsani china chabwino. Oyang'anira lamuloli ni a CCPC, ndipo munthu wamba angathe kukadandaula kumeneko.

Ife sitinafike kwa a CCPC. Chinatipulumutsa ni lisiti. Amake, mwa nzeru zao, anali ataisunga m'kachikwama pamodzi ndi NRC, ndipo inali ndi deti, nambala ya injini ndi nambala ya chasisi. Imwe amene mumakonda kuuza wamalonda kuti "chotsaniko pang'ono, lisiti siyani", muziganizirapo. Ka discount kaja mudzakalira tsiku lina.

Bwana wa pashopu sanagonje msanga. Anafunsa ngati msuweni anabweretsa njinga ku sevisi yoyamba, ngati anathiramo oilo wina, ngati ananyamulapo matumba a malasha. Mafunso amenewa si achipongwe. Waranti imakhudza zolakwika za ku fakitale, monga injini kapena giyabokosi yobwera kale ndi vuto. Matayala, mababu ndi mabuleki otha chifukwa choyenda nthawi zambiri sizilowamo. Ndipo ngati mumakweza anthu atatu, thumba la chimanga pamwamba, mumsewu wa mabampu wopita kumudzi, musadabwe akakukanirani. Kabuku kaja kamene timataya tsiku loyamba ndiye kamakamba makilomita a sevisi yoyamba. Werengani, sikaluma.

Atavomera kuilandira, ine ninapempha chinthu chimodzi: alembe papepala kuti njinga yasiyidwa tsiku lakuti, vuto ni lakuti, makilomita ni akuti, asaine. Ananiyang'ana monga nabwera kudzamumanga. Koma popanda pepala limenelo, "bwerani mailo" amatha kufika Khisimasi. Tinajambulanso njinga yonse pafoni, kuopa kuti ingabwerere galasi kapena batire itasintha.

Kenako kudikira. Spea inachokera ku Lusaka, ndipo aliyense amene anakhalapo m'basi tsiku lathunthu pa Great East Road adziwa kuti Lusaka si pafupi. Masabata atatu msuweni anali pansi, anzake akupanga ndalama pa siteji, a chilimba nao akumufunsa. Panali masiku amene ananitukwana mumtima, nidziwa. Makanika uja sembe anamupatsa njinga tsiku lomwelo. Koma vutolo linapezeka kuti linali mkati mwa giyabokosi, ndipo mtengo wa spea ija sembe unadya phindu la miyezi.

Kwa imwe okonda kugula kuseri kwa Mwami chifukwa chotchipa, dziwani kuti a CCPC sangakathamangitse shopu ya ku Lilongwe. Ku Malawi kuli bungwe lao, CFTC, ndipo transipoti yopita kukadandaula ni yanu. Funsani musanalipire: ikafa niipeleka kuti, kwa ndani?

Njinga inatuluka Lachisanu, sanalipire ngakhale ngwee. Chipepala chija chikali pakhoma, ninachiona dzulo podutsa. Msuweni ali pa Kapata manje, ndipo ine amene ninamuthandiza akali kunilipiritsa monga kasitomala wina aliyense.