Nthochi Sizidzilera Zokha



June akangofika, mwera umayamba kuwomba pa Malombe, Chiuta ndi Chilwa. Tonse timafunafuna majuzi, ana timawafunditsa, asodzi ena amakoka ngalawa n'kudikira kuti nyanja izizire mtima. Koma kuseri kwa nyumba kuli mbewu imene palibe amaikumbukira: nthochi. Timati zimadzilera zokha. Ine ndikukana, ndipo ndikuti mikoko yonyozeka imene timadula mu February imakhala kuti tinaiwononga tokha mu July.

Kumaiko ozizira ngati ku England, wokonda nthochi amakulunga thunthu lonse ndi udzu komanso masaka kuti chisanu chisaliphe. Kuno ku Machinga ndi ku Balaka madzi saundana, Alhamdulillah, koma tisadzinamize. Nthochi zimakonda kutentha kwa madigiri pafupifupi 27, ndipo usiku ukazizira kufika pa 14 zimaima kukula. Onjezani mwera umene umang'amba masamba ngati nsanza, ndiponso miyezi yopanda mvula kuyambira May mpaka November. Mbewu yofooka kale ndi kuzizira imakumana ndi dzuwa la October ilibe mphamvu.

Tsono tichitenji? Choyamba, tileke kutentha mapesi. Mapesi a chimanga, udzu wa mpunga wochokera kudambo, masamba ouma a nthochi zomwezo, zonsezi ndi bulangete la nthaka. Thirani manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe, kenako phimbirani mochindikala, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde kuti tizilombo tisapeze pobisala. Chachiwiri, patsinde pakhale zitatu basi: mayi, mwana ndi mdzukulu. Tiana tambirimbiri timangolimbirana madzi. Chachitatu, mangani mpanda wa tsekera kumbali ya kum'mwera. Mpanda womwewo utchinga mphepo, utchinganso mbuzi zimene timazimasula tikakolola.

Wina anena kuti, "Nanga mapesiwo sakoka moto?" Zoona ndithu. Ife sitidya mbewa, koma moto wa osaka mbewa sufunsa chipembedzo cha mwini munda. Choncho lambulani mozungulira musanaphimbire. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Wina afunsanso za madzi, pakuti ku Utale kapena ku Ulongwe amayi amachezera pamjigo. Apa ndi pamene ndikufuna makomiti a mizikiti andimvetsetse. Kasanu pa tsiku timatawaza, ndipo Lachisanu pa Jumu'ah madzi amachuluka. Amapita kuti? Amachita chithaphwi kuseri kwa mzikiti, udzudzu n'kumaswana. Bwanji osakumba kangalande kopita pamaenje asanu kapena khumi a nthochi? Ndikunena madzi a potawazira okha, osati ochokera kuchimbudzi ayi. Ana a madrasa angathe kumazisamalira, ndipo ndalama ya mikoko ingagule choko kapena kuthandizira mwalimu. Wokumba ngalandeyo adzakhala atachita sadaka imene idzapitirira iye atapita.

Chenjezo limodzi: chisaka. Matendawa anasesa minda ya nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, mpaka dziko lathu linayamba kugula nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Amafala ndi nsabwe za m'nthochi komanso mbewu yopatsana. Mukaona masamba akutuluka aang'ono, opanikizana pamwamba, oimirira ndiponso achikasu m'mbali, musanene kuti ndi kuzizira chabe. Itanani mlangizi. Ikapezeka kuti ndi chisaka, zulani tsinde lonse ndi tiana take, muduledule n'kukwirira. Mankhwala ochiza palibe, ndipo kuchitira chisoni tsinde limodzi n'kupha munda wa mnzako. Mbewu yatsopano funsani kwa alangizi, osangotenga kwa achimwene chifukwa ndi yaulere.

Asodzi, nkhaniyi ndi yanunso. Chilwa anaphwa mu 1995, anaphwanso mu 2018, ndipo amene ankadalira matemba okha anaona zakuda. Mkoko umodzi pamsika wa Liwonde kapena Ntaja ndi sopo, mchere ndi makope a ana. Ikafika Ramadhan, zitumbuwa za pofuturu zichokera pakhomo pomwepo.

Allah anatipatsa nthaka ndi madzi ngati amana, ndipo tidzafunsidwa mmene tinazisungira. Sabata ino, musanayatse mapesi aja, pitani kaye kuseri kwa nyumba mukaone nthochi zanu.