Juzi Yong'ambika Si Yotaya

Mwezi wa Juni ukafika, ku Kitwe ndi ku Ndola kumazizira kwambiri m'mawa. Ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, mano akugundana. Ena amakhala ndi majuzi, ena alibe. Mwana amene akunjenjemera sagwira bwino pensulo, ndipo zimene aphunzitsi akunena zimangomudutsa. Iye amangodikira kuti dzuwa lilowe pawindo ndi kufika pamene wakhala.

Kale, m'makomboni a migodi monga Wusakile ndi Chamboli, azimai ambiri anali kudziwa kuluka. Anali kuphunzira lusoli m'makalabu a azimai ndi m'machalichi. Mu Kitwe momwemo muli Mindolo Ecumenical Foundation, imene inayamba mu 1958, ndipo kumeneko azimai ambiri anaphunzira nchito za manja. Nyengo yozizira isanafike, zisoti, masokosi ndi majuzi a ana zinali kukhala zitalukidwa kale panyumba.

Masiku ano oluka acepa. Munthu akafunsa cifukwa cake, yankho limakhala limodzi: "Wulu yadula maningi." Zimenezi n'zoona. Ulusi watsopano wolukira, umene anthu amaucha wulu, ndi wokwera mtengo m'masitolo. Koma ulusi wochipa ulipo, ndipo suli kutali. Uli pamsika, pansi penipeni pa mulu wa salaula, m'majuzi amene ogula onse awakana. Mwana amene afuna kuphunzira kuluka ayenera kuyambira pamenepo, ndipo palibe cocititsa manyazi.

Mau akuti salaula anacokera ku Cibemba. Amanena za kufufuza ndi kusankha zinthu pamulu. Ku Malawi zovala zomwezi amazicha kaunjika, ndipo ku Tanzania amati mitumba. Agogo ena a ku Copperbelt amakumbukirabe dzina lakale lakuti mokambo, cifukwa panthawiyo zovalazi zinali kulowa m'dziko kucokera ku Congo kudzera pa Mokambo, pafupi ndi Mufulira. Lero zambiri zimacokera ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko amazisankha, nazipanikiza m'mabelo. Mabelo ambiri amalemera makilogalamu 45. Amawoloka nyanja pa sitima kufika pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban, kenaka amabwera pa malole. Ndiwo amene amatsegulidwa pa msika wa Chisokone ndi wa Nakadoli ku Kitwe, ndi pa Masala ndi Chifubu ku Ndola. Zina zimagulitsidwa m'masitolo a DAPP, bungwe limene likulu lake lili mu Ndola.

M'belo lililonse mumapezeka zabwino ndi zoipa. Juzi yokongola imapita tsiku loyamba. Imene imatsala ndi ija yaikulu ngati saka, yong'ambika pacigongono, kapena yokhala ndi banga pacifuwa. Ogula amainyamula, amaiyang'ana, n'kuiponyanso pamulu. Koma woluka saona juzi. Iye amaona ulusi.

Masamu ake ndi osavuta. Mpukutu umodzi wa ulusi wa m'sitolo nthawi zambiri umalemera magalamu 50 kapena 100. Juzi yokhuthala ya munthu wamkulu ikhoza kulemera magalamu 500. Ndiye kuti m'juzi imodzi muli ulusi wokwana mipukutu 10 ya magalamu 50. Cisoti ca mwana cimafuna pafupifupi mpukutu umodzi cabe. Ngakhale ulusi wina utaonongeka pomasula, wotsalawo ungakwane juzi ya mwana wa giredi 1 pamodzi ndi cisoti cake.

Komabe si juzi iliyonse imene imamasuka. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zawo, cifukwa amagula potengeka ndi mtundu wokongola. Woluka wanzeru amayamba watembenuza juziyo, mkati kukhala kunja, ndi kuyang'ana msoko wa m'mbali. Pali majuzi amene kufakitale analuka cinsalu cacikulu, n'kucidula ndi sizasi, kenaka n'kusoka m'mphepete ndi makina. Msoko wake umakhala wokhuthala, wokulungidwa ndi timaulusi tambirimbiri monga msoko wa sikipa. Juzi yotere ndi yosiya. Munthu akaimasula amangopeza tizidutswa tatifupi, mzere uliwonse kadutswa kake. Juzi yabwino ndi imene mbali zake, kutsogolo, kumbuyo ndi manja, zinalukidwa pazokha kenaka n'kulumikizidwa. Mkati mwake mumaoneka timphepete tiwiri taukhondo togonerana, ndipo msoko umaoneka ngati kacheni kakang'ono. Yotere ulusi wake umatuluka wautali osaduka, kucokera paphewa mpaka pansi.

Msoko ukakhala bwino, woluka amakoka nsaluyo pang'ono ndi kuiyang'ana padzuwa. Timaso ta malukidwe tiyenera kuoneka kalikonse pakokha. Ngati juzi inacapidwa m'madzi otentha n'kugwirana ngati bulangeti, ulusi wake sungalekanenso. Tizibowo tambiri ting'onoting'ono ndi cizindikiro cakuti njenjete zinadyamo, ndipo ulusi wotere umangoduka-duka. Bowo limodzi lalikulu si vuto iai. Limangothandiza kutsitsa mtengo. Ulusi wopyapyala kwambiri nawonso ndi wovuta kwa woyamba kumene. Wonenepa ndiye wabwino, cifukwa nchito imaoneka msanga ndipo mwana sagwa ulesi.

Kansalu kolembedwa kamene kamakhala pakhosi kapena m'mbali kamanena cimene anapangira ulusiwo. Apa kudziwa kuwerenga kumapindulitsa. Pakalembedwa kuti wool, ndiye kuti ndi ubweya wa nkhosa, umene umafunda kwambiri koma umafuna kucapa mosamala. Pakalembedwa kuti acrylic, ndi ulusi wopangidwa ndi mankhwala ocokera ku mafuta a pansi pa nthaka, m'bale wake wa pulasitiki. Umenewu sufunda kwambiri ngati ubweya, koma ndi wolimba ndipo suvuta kucapa. Cotton ndi thonje, longa limene alimi amalima ku Katete ndi ku Petauke. Ngati kansaluko kanadulidwa, akuluakulu amayesa kadutswa ka ulusi pamoto. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka. Acrylic amasungunuka n'kusiya kampira kakuda kolimba. Kuyesa kumeneku ndi kwa akulu okha, osati ana.

Nthawi yogulira nayonso ili ndi nzeru zake. Tsiku limene belo latsegulidwa, anthu amaunjikana ndipo mitengo imakhala pamwamba. Wogulitsa amafuula kuti, "Sankhani, amai, sankhani! Belo lamanje-manje!" Woluka alibe cifukwa cokankhana ndi anthu tsiku limenelo. Zimene iye afuna zidzakhalapobe pakapita masiku, mtengo utatsika. Mwezi wabwino koposa ndi Okutobala, pamene kukutentha moti palibe amene afuna ngakhale kuigwira juzi. Wogula mu Juni amalipira mtengo wa mphepo.

Kukambirana mtengo ndi mwambo wa pamsika. Mwana amene waperekeza amai ake angathe kufunsa mwaulemu kuti, "Amalume, iyi yong'ambika ni zingati? Cotsankoni pang'ono." Wogulitsa ambiri amavomera, cifukwa juziyo yakhalitsa. Ena amaikapo ndi kasikafu kakale ngati mbasela. Koma kunenerera kuli ndi malire. Wogulitsayo anagula belo lonse asanaone za mkati mwake, ndipo nayenso ali ndi ana ofuna mabuku ndi nsima. Kumunyoza katundu wake kuti atsitse mtengo si ulemu.

Kunyumba nchito imayamba ndi kucotsa misoko. Pamafunika kudekha, kuti sizasi isadule ulusi wa nsalu yeniyeniyo. Mbali zikalekana, kumasula kumayambira kumtunda, paphewa kapena pakhosi, kutsika m'munsi, cifukwa majuzi ambiri analukidwa kucokera pansi kupita pamwamba. Nsonga ikapezeka, ulusi umangobwera wokha. Ana aang'ono amaikonda kwambiri mbali imeneyi, ndipo nthawi zina amalimbirana. Ulusiwo umatuluka wopotana-potana ngati tsitsi limene langomasulidwa kumene. Amauzunguliza kumsana kwa mpando, n'kuumanga malo anai kuti usasokonekere. Kenaka amauviika m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo, osaufikisa ndiponso osaupotokola pofinya. Akautsukuluza amauyanika pamthunzi, atapacikapo kanthu kolemerako pang'ono. Ukauma umakhala wowongoka ndi waukhondo, ndipo amaukulunga m'mipukutu.

Pali anthu amene sakondwera ndi zonsezi. Ena amati, "Nanga munthu n'kuveka mwana ulusi wa munthu wosamudziwa? Bwanji ngati mwini wake anamwalira?" Mantha amenewa sali ku Zambia kokha. Ku Ghana dzina la zovalazi limatanthauza zovala za mzungu wakufa. Zoona zake n'zakuti zambiri zimaperekedwa ndi anthu amoyo amene angotopa nazo kapena zawathina. Ndipo ulusi umene wamasulidwa, kucapidwa ndi kulukidwanso si juzi ya munthu uja iai. Ndi cinthu catsopano, ca amene waluka. Ponena za litsiro, madzi ndi sopo zimathetsa nkhaniyo.

Dandaulo lina ndi lalikulu, ndipo liyenera kumvedwa bwino. Ndola unali mzinda wa mafakitale. Munali mafakitale osoka zovala, ndiponso ya Swarp imene inali kupota ulusi wa thonje ndi kuugulitsa kunja kwa dziko. Ku Kabwe kunali Mulungushi Textiles, ku Kafue kunali Kafue Textiles. Boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991, linatsegula zipata za malonda, ndipo zovala zochipa zakunja, zatsopano ndi zakale zomwe, zinadzaza misika. Mafakitale ambiri a nsalu anatsekedwa, ndipo anthu anacotsedwa nchito. Panali zifukwa zinanso, monga makina okalamba ndi nkhongole, koma salaula inali nayo mbali. Katswiri wina dzina lake Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse la nkhaniyi, lochedwa Salaula, limene linatuluka mu 2000. Conco bambo amene anataya nchito m'zaka zimenezo akamaipidwa ndi mabelo, sakulakwa.

Koma juzi yong'ambika ija inafika kale m'dziko. Ikapanda kugulidwa idzathera kudzala kapena m'ngalande, ndipo acrylic saola msanga. Mvula ikagwa, nsanza zotere zimatseka njira ya madzi. Woimasula salanda nchito ya munthu aliyense. M'malo mwake amabwezera nchito m'manja mwa anthu a kuno. Cisoti cimene calukidwa ku Chimwemwe kapena ku Lubuto ndi copangidwa mu Zambia, ngakhale ulusi wake unawoloka nyanja.

Masingano olukira nawonso safuna ndalama zambiri. Masipoko awiri a njinga yakale, akawongoledwa ndi kunoledwa pang'ono pamwala, amaluka bwino ulusi wopyapyala. Okonza njinga amakhala nawo ambiri otaya. Ulusi wonenepa umayenda bwino pa timitengo ta nsungwi topalidwa mosalala. Kumapeto kwake amamangako labala kuti timaso tisapulumuke. Ndipo juzi isanamasulidwe, mabatani ndi zipi zake ziyenera kucotsedwa ndi kusungidwa m'kacitini. Nthawi zina mabatani okhawo amaposa mtengo wa juzi yonse. Tizidutswa ta ulusi totsala tingalukidwe m'tinsalu ta makona anai, ndipo tikalumikizidwa timapanga kabulangeti ka khanda ka mitundumitundu.

Sukulu zingathandize kwambiri pa nkhaniyi. Pa phunziro la nchito za manja, aphunzitsi ena amauza ana kuti aliyense abwere ndi wulu wa m'sitolo. Ana a m'nyumba zosowa amabwera cimanjamanja, n'kumangoonerera anzawo. Zikanakhala bwino kalasi yonse ikanasonkha pang'ono, n'kugula majuzi atatu kapena anai mu Okutobala, ndi kumasulira pamodzi. Ulusi ungakwane onse, ndipo palibe angadziwe kuti wosauka ndani. Pa chuthi ca Disembala ndi ca Epulo ana angapitirize kuluka kunyumba. Akulu a sukulu nawonso asamabweze mwana pageti cifukwa juzi yake ndi yoluka pamanja. Ngati mtundu wake ukufanana ndi wa yunifomu, alowe.

Anyamata ena amaseka, ati kuluka n'kwa atsikana. Koma ukonde wa asodzi a mu mtsinje wa Kafue amaluka ndani? Nanga madengu ndi mphasa zogulitsidwa pa Chisokone? Zambiri mwa izo zimalukidwa ndi amuna. Aphunzitsi akamagawa masingano asalumphe mabenci a anyamata, cifukwa m'mawa wa Juni makutu awo amazizidwa mofanana ndi a alongo awo.