Akatiitana ku Bwalo la Nyimbo, Tidzanyamula Chiyani?

M'chaka cha 2012, mumzinda wa Seoul ku South Korea, nyumba zoulutsira mau za maiko a ku Asia ndi a m'nyanja ya Pacific zidayambitsa chikondwerero cha nyimbo chotchedwa ABU Radio Song Festival. Dongosolo lake lidali losavuta: wailesi iliyonse inkafunafuna nyimbo ya m'dziko lake, kaŵirikaŵiri ya woimba amene sanatchuke, nkupita nayo kubwalo kumene anzao a maiko ena ankabweranso ndi zao. Chikondwererochi chidachitikanso ku Colombo mu 2014, ku Yangon mu 2015 ndi ku Beijing mu 2016. Ku Ulaya adayamba kale, mu 1956, pamene maiko 7 adakumana ku Lugano pa mpikisano woyamba wa Eurovision.

Nkhaniyi ikumveka ngati ya kutali, koma ili ndi funso lotilasa ife okhala m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Tiyerekeze kuti maŵa wailesi zathu zalandira kalata yoti zibwere ndi nyimbo imodzi yoonetsa kuti Amalaŵi ndi anthu otani. Kodi zidzanyamula chiyani? Ife tikuopa kuti zidzapita ndi nyimbo yotengera kaimbidwe ka ku Lagos kapena ku Johannesburg, ndipo eni ake a kaimbidweko adzatiombera m'manja mwaulemu, monga tichitira ndi mwana amene wavala jekete la bambo wake.

Nyimbo zathu zilipo. Asodzi a ku Chia ali nazo zokokera khoka ndi zopalasira bwato. Amai ali nazo za pamtondo, zimene kale ankadzudzulira nazo mwamuna waulesi ndi mpongozi wovuta popanda kutchula dzina. Alipo malipenga a kumpoto kwa boma lino, chilipo chioda, zilipo zotonthozera mwana ndi zapamaliro. Koma chigayo chalanda ntchito ya mtondo, injini ikulanda ya nkhafi, ndipo nyimbo ya ntchito imafa tsiku limene ntchitoyo yatha. Gogo mmodzi akaikidwa m'manda, zimene ankazidziŵa yekha zimaloŵa naye limodzi m'nthaka.

Chochititsa manyazi nchakuti kaŵirikaŵiri amene amaona mtengo wa nyimbo zathu ndi alendo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula mau a makolo athu, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku South Africa, pa Rhodes University. Nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba zidafika pa mndandanda wa zopikisana pa mphotho ya Grammy ya 2016, atazijambula ndi Ian Brennan wa ku America. Tikuwathokoza anthu ameneŵa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mudzi umene umadikira mlendo kuti aumete chaka ndi chaka uli ndi vuto lake.

Mu September 2024 chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chidayambira ku Chintheche mu 2004, chidafika ku Fish Eagle Bay kuno kwathu. Oimba a m'dziko muno ndi akunja adasangalatsa anthu, ndipo amalonda adapezako kangachepe. Dzina lakelo akuti lidachokera kwa David Livingstone, amene adafanizira nyali za asodzi usiku ndi nyenyezi. Sitikudana nacho chikondwerero chotere. Koma chimakhala masiku oŵerengeka, mahema nkuphwasulidwa, alendo nkubwerera kwao. Wailesi ndiyo imatsala nafe chaka chonse, m'khitchini, m'sitolo, pa doko. Choncho udindo waukulu uli pa iyo.

Oulutsa mau ena amayankha kuti iwo amangopereka zimene achinyamata akufuna. Yankho limeneli ndi laulesi. Mwana amakonda ndiwo zimene adazoloŵera m'mbale ya mai ake, ndipo khutu nalonso limakonda chimene lamva kaŵirikaŵiri. Wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idajambula ndi kuulutsa oimba a kumudzi, ndipo nchifukwa chake maina a Daniel ndi Donald Kachamba kapena Allan Namoko adafika m'nyumba za anthu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Namoko anali wosaona, ankaimba ndi banjo, ndipo palibe amene adamufunsa ngati akufanana ndi oimba a kunja.

Ena amati ndalama palibe. M'masiku a Tracey makina ojambulira mau ankadzaza galimoto. Lero foni ya m'manja imagwira ntchito yomweyo, ndipo kuchoka pa boma kukafika ku Chia ndi ulendo wa panjinga. Chimene chikusoŵa ndi mtima woona kuti nyimbo ya msodzi njoyenera nthaŵi ya pa wailesi. Timachita manyazi ndi zathu, ndipo tikudziŵa kumene mbeŵa ya manyazi idafera.

Pempho lathu lili patatu. Wailesi za m'madera, monga Nkhotakota Community Radio, zikhale ndi ola lokhazikika mlungu uliwonse la nyimbo zojambulidwa m'midzi, ndipo woimba atchulidwe dzina ndi mudzi wake. Chachiŵiri, wailesi za m'maboma a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, zizikumana kamodzi pachaka, iliyonse ndi nyimbo imodzi ya kwao. Pambuyo pake zidzaitane anzao a ku Chipata, ku Lichinga ndi ku Tete, kumene chilankhulo chathu chimamvekanso. Chachitatu, mwini nyimbo alandire zake kudzera ku bungwe la COSOMA, poti kujambula nkhalamba nkuisiya chimanjamanja ndi kuba.

Inunso makolo muli ndi gawo lanu. Madzulo ano, m'malo molola ana kugona ndi foni m'khutu, auzeni apite nayo kwa agogo ao akawapemphe nyimbo imodzi, alembe mau ake ndi tanthauzo lake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tsiku limene maiko adzatiitana ku bwalo lao, tidzatenga zokhazo zimene tidasunga m'nkhokwe.