Botolo la mu mufolo labwerera pa tebulo lathu

Anzanga a pa msika, ndi inu abale ndi alongo amene mumawerenga pano m'mawa uliwonse, lero ndilankhula zowawa, mundikhululukire. Tengani botolo la madzi kapena la saladi limene lili pafupi nanu, mulitembenuze. Pansi pake mupeza nambala 1 pakati pa timivi titatu, mwina ndi zilembo PET. Ndiyo pulasitiki imene tonse timagulitsiramo, ndipo yokha ilibe mlandu. Mlandu uli ndi ife.

Lachiwiri ndinaona ndi maso anga kamnyamata kakutola mabotolo mu mufolo kuseri kwa zimbudzi za pa msika. Kanangowatsukuluza mu beseni imodzi ya madzi akuda kale, mmodzi wa ife n'kugula. Pofika masana munali munkoyo, ali ndandanda pa tebulo, ozizira bwino. Dzina sinditchula, mukudzidziwa mayi. Koma simuli nokha, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Ndikafunsa mumati, "Ine ndimatsuka ndi madzi owira." Awe, tisanamizane. Botolo la PET silipirira moto. Madzi akangofika cha m'ma digiri 70 limayamba kufewa, owira enieni limakwinyika ngati nkhope ya nkhalamba. Ngati lanu likali chilili, losalala, madzi owira silinawaone. Kukamwa kwake n'kochepa, dzanja silingalowe. Popanda sopo, kabulashi ndi klorini, chimene munatola mu mufolo chikali momwemo, ndipo amene adzamwe ndi mwana wasukulu amene wakupatsani ndalama yake ya chakudya.

Mwaiwala msanga bwanji? Mu January 2018 asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya Lusaka chifukwa cha kolera, misika inatsekedwa, ambiri tinakhala pakhomo katundu akuola. Inabweranso mu October 2023. Pofika January 2024 Heroes Stadium, bwalo la mpira, linasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula, anthu mazanamazana anamwalira. Tinalira, tinasonkha zipepeso, maliro atatha mabotolo a madzi amene tinamwa kumanda tinawataya pomwepo.

Mvula ikagwa ku Kanyama ndi ku Misisi, madzi amalowa m'nyumba pamodzi ndi za m'zimbudzi, ife n'kuyamba kutukwana a khonsolo. Inde, ali ndi mbali yawo, nanenso ndimalipira levy tsiku lililonse ndipo ndimadandaula. Koma pitani mukaone chatseka mufolo. Si a khonsolo anaponya botolo pa windo la basi. Botolo ili siliola. Limene munataya chaka chatha likali pomwepo, likudikira mvula.

Ife a zaka makumi asanu tikumbuka botolo lagalasi. Linali ndi dipoziti, ukalibweza ku golosale ulandira ndalama, ndiye palibe mwana analisiya pansi. Ili la lero tinaliyesa laulere, kaili palibe atifunsa. Ena mpaka muyatsira mbaula, utsi wake mwana ali kumsana akupuma. Ena muthiramo palafini n'kuika pansi pa tebulo, m'botolo la chakumwa chimene mwana achidziwa mtundu wake.

Chonsecho PET ndi imodzi mwa mapulasitiki osavuta kuwakonzanso. Amaiphwanya tizidutswa, aitsuka, aisungunula, n'kupanga ulusi wa zovala, zingwe, ngakhale mabotolo ena. Alipo ogula pa kilo. Amayi aja oyenda ndi masaka akuluakulu kumutu, amene mumawathamangitsa pa sitandi ngati amisala, ndiwo akutichotsera zimene tataya.

Ine ndamangirira saka pa mtengo wa sitandi yanga. Botolo lotha ntchito liphwanyeni ndi phazi, kuti wina asathiremonso chakumwa, mubwere nalo muponyemo. Amayi otola amadutsa Lachisanu. Ndipo inu mayi a munkoyo, klorini ndili nayo, bwerani mutenge. Koma ndikaonanso kamnyamata kaja pa tebulo lanu, ndikupita kwa a komiti ya msika.