Injini Ikazima M'mwamba

Anthu ambiri amaganiza kuti injini ikazima m'mwamba, ndege imagwa ngati mwala. Izi sizoona, ndipo ife tikuona kuti nkofunika kuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi a ku Salima, kumene kuli bwalo la ndege zing'onozing'ono, adziŵe zenizeni zake.

Ndege yophunzirira, monga Cessna 172, ili ndi injini imodzi yokha. Injiniyo ikazima, mapiko amainyamulabe ndipo imatsika pang'onopang'ono. Ikakhala mamita 1,000 m'mwamba, ingathe kuyenda makilomita pafupifupi 9 isanafike pansi. Nchifukwa chake wophunzira aliyense amayeserera kutera mwadzidzidzi asanaloledwe kuuluka yekha.

Kaŵirikaŵiri chozimitsa injini chimakhala chaching'ono: mafuta atha, kapena m'mafutamo mwaloŵa madzi. Mu injini zokhala ndi kabyuleta, madzi angathenso kuundana ndi kutseka njira ya mpweya ngakhale kunja kukufunda madigiri 25, makamaka kukakhala chinyezi ngati cha m'mphepete mwa nyanja. Kupeŵa zimenezi ndi udindo wa oyendetsa ndi amakaniko.

Koma nafenso a pansi tili ndi mbali yathu. Woyendetsa amakhala ndi mphindi zoŵerengeka zosankhira potera: mchenga wa ku Senga Bay, dambo louma, munda wokololedwa kale, ngakhale bwalo la mpira la pasukulu. Ana akathamangira pabwalopo kukaonerera, iye adzakakamizika kukhotera m'mitengo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kumeneku kukufunika m'ndege ndi pansi pomwe.

Tsono tikupempha aphunzitsi kuti alangize ana motere: ndege ikamatsika mwakachetechete, athaŵire m'mbali. Ikatera, asayandikire chopukusa cha kutsogolo chija, ndipo pasapezeke wosuta fodya kapena wonyamula moto, chifukwa mafuta a ndege sachedwa kuyaka. Akuluakulu athandize ovulala mosamala, ndipo munthu asatolepo kanthu, pakuti kachitsulo kamodzi kangauze ofufuza chimene chinalakwika.

Mafumu ndi anyakwaŵa aonetsetse kuti ng'ombe ndi mbuzi sizikudyera pabwalo la ndege, ndiponso kuti uthenga ukufika ku Polisi msanga. Sitinaiŵale ndege ya asilikali imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, nkupha Wachiŵiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Inali ngozi ya mtundu wina, komabe mtundu wonse unachezera kudikira, pakuti ndegeyo inapezeka m'maŵa mwake. Woona kapena kumva kanthu asakhale chete.

Mnyamata kapena mtsikana amene ali m'ndege yophunzirirayo ndi mwana wa mnzathu. Akachita mbali yake, tisakhale ndife omulepheretsa kubwerera kwawo wamoyo.