Madzi saiwala khwawa: puloti mwagula ija ili pati?

Mitambo ikayamba kuda kumudzi, ife tili kunja kuno timagona foni ili kumutu. Si mantha achabe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche usiku, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Amene muli ku Durban simufunika kuuzidwa: mu Epulo 2022 madzi anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, ambiri m'nyumba za m'zigwa ndi m'malo otsetsereka.

Makolo ankati wadutsa ndi Napolo. Koma mvula yokha siipha anthu chonchi. Phiri likakhala ndi mitengo, mizu imagwira dothi ndipo madzi amalowa pansi pang'onopang'ono. Mitengo ija tinaotchera makala ndi njerwa, nyumba zinakwera mpaka m'phiri, ngalande zinadzaza majumbo ndi mabotolo. Ku Lilongwe nako anthu amanga m'madambo ndi m'mphepete mwa Lingadzi, ena akukumba mchenga mumtsinje momwemo. Madzi akasowa njira yawo, amalowa pabalaza.

Malamulo alipo. Lamulo la kakonzedwe ka malo la 2016 limafuna kuti womanga atenge chilolezo. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa la 1991 lija linabwera pambuyo pa tsoka la ku Phalombe. Cholinga chake n'kupewa ngozi, osangodikira kugawa ufa ndi mabulangete. Vuto ndi lakuti mizinda ikukula mofulumira kuposa mapulani ake. Mapuloti ovomerezeka ndi ochepa komanso odula, ndiye wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amamanga pomwe angakwanitse, pafupi ndi geni yake. Kumuthamangitsa osamupatsa malo ena apafupi n'kutaya nthawi. Mvula ikatha abwerera.

Choncho makhonsolo ayambire pa zinthu zitatu. Ajambule malo oopsa ndipo mapuwo aikidwe poyera, ngakhale pa intaneti. Atsegule mapuloti otsika mtengo pamalo otetezeka, okhala ndi msewu ndi ngalande anthu asanasamukirepo. Ndipo lamulo lisaone nkhope: mpanda wa bwana ukatseka njira ya madzi, ugwe monga imagwera nyumba ya zidina. A DoDMA asamaitanidwe maliro atachitika kale. Mawu awo amveke pomwe pulani ikulembedwa.

Tsono tibwere kwa ife matchona. Ndalama zomwe timavutikira mausiku ku Joni, ku Leicester kapena ku Indiana, zambiri zimapita ku puloti ndi malata. Mlamu akatumiza chithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti "alamu, malo awa ndi otchipa, fulumirani", ife timatumiza tsiku lomwelo. Chithunzicho chajambulidwa mu Okutobala, pouma gwa! Palibe amene wafunsa kuti mu Febuluwale pamaoneka bwanji.

Musanatumize ndalama, funsani. Kodi mtsinje kapena khwawa lili patali bwanji? Kumtunda kuli chiyani? Oyandikana nawo amati madzi anafika pati nthawi ya Freddy? Wogulitsayo ali ndi mapepala a khonsolo kapena a unduna wa za malo, kapena kakalata ka mfumu ya m'tauni basi? Pa bajeti yomangira, ngalande ndi maziko olimba zikhale patsogolo pa matailosi.

Paja m'nyumba imeneyo inu simugonamo chaka chino. Mugona amayi anu, ana anu, kapena banja la lendi. Puloti ikatchipa kwambiri pamakhala chifukwa, ndipo nthawi zambiri chifukwacho chimatulukira usiku, mvula ili mkati.