Ntchito za Manja Pakhomo: Tiwadzutse Makina Akale Onolera

Mwezi wa Okutobala ukafika, makasu, nkhwangwa ndi zikwanje zimafuna kunola mvula isanagwe. Pamakomo ena ndi m'nyumba za akalipentala muli makina akale onolera, omangirira pa thebulo, ena opukusa ndi dzanja, ena oyendera magetsi. Ambiri a iwo angokhala pakona, ali dzimbiri lokhalokha, eni ake nkumati anatha ntchito. Komatu kawirikawiri chimene chawagoneka ndi fumbi ndi kusowa mafuta basi. Mwezi uno tikufuna tithandizane, makolo ndi achinyamata, m'mene tingawadzutsire.

Poyamba tidziwe mdani wake. Ponola, mwala umathothoka timchenga ndipo chitsulo chimatulutsa fumbi. Zimenezi zikasakanikirana ndi girizi wakale zimapera zitsulo za m'kati pang'onopang'ono. Choncho kuthira mafuta atsopano pamwamba pa litsiro nkungovutika chabe. Tiyambe tatsuka.

Ngati makina ali opukusa ndi dzanja, timasule chivindikiro cha magiya, tichotse girizi wouma ndi kamtengo, titsuke mano a magiyawo ndi parafini ndi kaburashi. Akauma tipake girizi watsopano pa mano onse, ndipo m'timabowo ta mafuta tidontheze oilo wopepuka.

Ngati ali amagetsi, tisanagwire kanthu tizule waya ku khoma. Makina ena akale ali ndi timakapu ta oilo pafupi ndi mtanda umene mwala umazungulirapo. M'menemo madontho awiri kapena atatu a oilo wopepuka wa makina akwanira. Wochuluka amayenderera nalowa m'mota kapena kunyowetsa mwala. Ena ali ndi mabering'i otsekeka amene anaikidwa girizi ku fakitale. Amenewa sathiridwa mafuta. Akayamba kulira kokokoko, kapena mtanda ukamagwedera tikaugwedeza ndi dzanja, tigule ena a nambala yomweyo imene yalembedwa m'mbali mwake. Mabering'i otseguka titsuke ndi kuikamo girizi osapitirira theka, pakuti girizi wodzaza amatenthetsa. Mafuta ophikira asayandikire makina, chifukwa amauma nkumata ngati ulimbo.

Tsopano tifike pa mwala weniweniwo, pakuti apa ndi pamene pali ngozi. Makina amagetsi ambiri amazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi imodzi, ndiye kuti m'mphepete mwa mwala wa mamilimita 150 mumathamanga makilomita ngati 80 pa ola. Mwala wong'aluka ukaphulika pa liwiro lotere ukhoza kuchotsa munthu diso, ngakhale moyo umene. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mwala ukhoza kuoneka wosalala koma uli ndi mng'alu wosaoneka. Tiuchotse, tiukoloweke pa chala, tiugogode pang'ono ndi chigwiriro cha mtengo. Wabwino umalira ngwee ngati belu. Wolira phu ngati mphika wosweka tiutaye, tisaumirire.

Pomasula tikumbukire kuti nati ya kumanzere imamasukira mbali imene mivi ya wotchi imayendera, mosiyana ndi nati zina zambiri. Ambiri aononga mazinga poikakamiza ndi sipanala. Pobwezera mwala, timapepala tokhuthala tija tikhale pakati pa mwala ndi mbale zachitsulo zoupanira, ndipo nati imangidwe mongokwanira, pakuti kumangitsa kumaswa mwala. Kachitsulo kotsamiritsapo chonoledwa kasatalikire mwala koposa mamilimita 3, kuopa kuti mpeni kapena chala chingakodwe pampatapo. Zotchinga zonse zibwerere m'malo mwake. Tikayatsa, tiime pambali kwa mphindi yathunthu tisanayambe kunola.

Ponola tivale magalasi oteteza maso, tipinde manja a malaya, ndipo tinolere pamphumi pa mwala, osati m'mbali mwake. Pafupi pakhale chitini cha madzi choviikamo chitsulo kawirikawiri. Tchizulo ikasanduka yobiriwira ngati mtambo kunsonga kwake, yapsa, ndipo sichedwanso kubuntha. Aluminiyamu ndi mtengo tisanolepo, chifukwa zimatseka maso a mwala. Tikamaliza tipukute fumbi ndi kuphimba makina ndi chiguduli chouma.

Abambo ndi amayi, ntchito imeneyi musaigwire nokha. Itanani mnyamata kapena mtsikana wosinkhukirapo agwire sipanala, amve yekha kulira kwa mwala wabwino ndi woipa, koma ana aang'ono akhale kutali. M'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira kudontheza oilo pa makina a agogo ake adzasamalanso njinga, makina osokera ndi ngolo, ndipo anansi akamabwera ndi makasu obuntha, adzapezerapo ndalama ya sopo ndi makope.